Galu wa matenda a Cushing ali pa mankhwala koma zinthu sizikuyenda: muyambire pati?

Tsiku la 12 chiyambire kumwa mankhwala, Tsabola anasiya chakudya m'mbale. Galu amene kwa chaka chathunthu ankanyambita mbale n'kumaikankha mpaka ikagunde khoma, m'mawa umenewo anangonunkhiza, kutapa kawiri, basi n'kukagona kunsi kwa tebulo. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, kapisozi ali m'manja, osadziwa kuti ndimupatse kapena ayi. Sindinamupatse. Masana ake, atamuyeza magazi, dokotala wa ziweto anandiuza kuti akanamwa kapisozi uja tikanakamba zina.

Kuyambira tsikulo ndimasunga kope. Zimene ndalemba pano zachokera m'kopemo, m'mapepala amene amabwera ndi mankhwala, ndi m'mafunso amene ndakhala ndikufunsa madokotala. Wosintha mlingo ndi dokotala, ndipo palibe chimene chalembedwa pano chingalowe m'malo mwake. Koma dokotala amaona galu wanu kwa ola limodzi pa miyezi itatu, pamene inu mumamuona m'mawa, masana ndi usiku. Pa matenda awa, zimene mwiniwake akuona pakhomo ndiye kuyeza koyamba, ndipo nambala ya ku labotale imawerengedwa pambuyo pake.

Chimene mankhwalawa akuchita m'thupi

Pafupi ndi impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal. Tiziwalo tiwiriti timatulutsa homoni yotchedwa cortisol, imene thupi limaifuna kuti lipirire njala, mantha, matenda ndi kuvulala. Cortisol akachuluka mopitirira kwa nthawi yaitali, galu amamwa madzi osakhuta, amakodza kosalekeza, amadya ngati wasala mlungu, amapuma mwawefuwefu ngakhale kuli mphepo, mimba imalendewera, ubweya umathothoka mbali zonse ziwiri mofanana, khungu n'kupyapyala ngati pepala. Dzina la matendawa linachokera kwa Harvey Cushing, dokotala wa maopaleshoni a bongo wa ku America, amene anawafotokoza mwa anthu mu 1932. Mwa agalu 100 odwala, pakati pa 80 ndi 85 vuto limayambira mu kachotupa ka mu pituitary, kachiwalo ka kunsi kwa bongo, kamene kamatumiza mopitirira muyeso uthenga wotchedwa ACTH, wouza adrenal kuti itulutse cortisol. Otsalawo chotupa chimakhala pa adrenal penipeni. Amagwira kwambiri agalu okulirapo msinkhu, makamaka a mitundu ing'onoing'ono monga poodle, dachshund ndi bichon frise.

Mankhwala ofala masiku ano ndi trilostane, amene amagulitsidwa ndi dzina loti Vetoryl, opangidwa ndi kampani ya Dechra. Ku America anavomerezedwa mu 2008. Trilostane sachotsa chotupa. Amangotseka kwa maola angapo njira imene adrenal imapangira cortisol, ndipo mwa agalu ambiri mphamvu yake imakhala itatha tsiku lisanathe. Ndiye chifukwa chake amamwa tsiku ndi tsiku moyo wonse. Ku Ulaya pepala la mankhwalawa limati ayambire pa 2 mg pa kilogalamu patsiku, kotero galu wa makilogalamu 10 amayambira cha m'ma 20 mg, ndipo madokotala ambiri amagawa mlingowo pawiri, m'mawa ndi madzulo.

Vuto lonse lili apa: mlingo ukachepa matenda amapitirira, ukachuluka galu amagwera mbali inayo, cortisol n'kusoweratu. Mbali ziwirizi sizifanana kuopsa kwake. Cortisol wochuluka amawononga thupi pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka. Cortisol wosowa angaphe galu m'masiku ochepa.

Wasiya kudya, akusanza, akutsekula m'mimba, kapena wafooka

Ndayamba ndi ili chifukwa ndilo silidikira. Galu wa Cushing ndi wosusuka. Akakana chakudya, kapena akadya monyinyirika n'kusiya theka, musamupatse kapisozi wotsatira. Imbani foni kwa dokotala tsiku lomwelo. Kudumpha tsiku limodzi kapena awiri a trilostane sikupha galu, pamene kupitiriza kumupatsa ali kale pansi n'kumene kumapha.

Zizindikiro zina ndi kusanza, kutsekula m'mimba nthawi zina kwa magazi, kunjenjemera, kugona tsiku lonse, miyendo yakumbuyo kugwedera, ndipo zikafika poipa amangogwa osadzukanso. Wafika pogwa, musadikire kuche.

Zifukwa zake zimakhala zitatu, ndipo ndi magazi okha angazisiyanitse. Choyamba n'chopepuka: thupi linazolowera kusambira mu cortisol, ndiye akatsika mwadzidzidzi m'masiku 10 oyambirira galu amalefuka ngakhale mlingo wa m'magazi usanatsike moopsa. Amapumitsa mankhwala masiku angapo n'kuyambiranso pa mlingo wochepa. Chachiwiri, cortisol watsikadi kwambiri. Chachitatu, ndipo choopsa kuposa zonse, homoni ina ya mu adrenal yotchedwa aldosterone nayo yatsika. Imeneyi ndiyo imasunga mchere wa sodium m'thupi n'kutulutsa potassium. Ikasowa, sodium amatsika, potassium amakwera, mtima n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Amenewa ndi matenda a Addison, otchedwa dzina la Thomas Addison wa ku Guy's Hospital ku London amene anawafotokoza mu 1855. Madokotala amagawa nambala ya sodium ndi ya potassium, ndipo yankho likatsika kunsi kwa 27 amadziwa kuti mpofunika kufulumira. Galu wotere amafuna diripi ndi jakisoni, osati mapiritsi a kunyumba.

Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, mbali ya adrenal imafa galu ali pa trilostane. Zimenezi zingachitike ngakhale patatha chaka mlingo usanasinthidwe. Ena mwa agalu otere amakhala miyezi osafunanso mankhwala a Cushing, ena amasanduka odwala Addison mpaka kalekale n'kumalandira mahomoni obwezeretsa. Choncho mawu oti wakhala akumwa mlingo womwewu kwa nthawi yaitali asakutonthozeni mtima galu akasiya kudya.

Kwa ife a kumwera kwa Africa kuno pali china chosokoneza. Matenda obwera ndi nkhupakupa, babesia ndi ehrlichia, nawo amafooketsa galu n'kumusiyitsa kudya. Tukulani mlomo muone usinini: ukatuwa kapena ukaoneka wachikasu, thupi n'kumatentha, mkodzo n'kuda, muuzeni dokotala ayang'anenso magazi pa maikulosikopu. Koma kaya vuto ndi nkhupakupa kaya ndi mankhwala, lamulo ndi lomwe lija. Galu wodwala samwa trilostane mpaka dokotala atanena.

Madokotala ena amapereka mapiritsi a prednisolone, mankhwala ogwira ntchito ngati cortisol, oti musunge kunyumba pa nthawi yangozi, makamaka ngati mumakhala kutali ndi chipatala cha ziweto. Funsani za zimenezi tsiku loyamba. Mukamupatsa, nenani mukafika, chifukwa makina oyezera amawerenga prednisolone ngati cortisol ndipo nambala imatuluka yokwera mwabodza.

Akumwabe madzi ambiri

Musanadandaule, yezani. Mawu oti akumwa kwambiri sathandiza dokotala, koma nambala ya mamililita imathandiza. Ine ndimadzaza botolo la malita awiri 6 koloko m'mawa, n'kumathira m'mbale yake kuchokera m'botolomo tsiku lonse. Mawa lake nthawi yomweyo ndimabwezera otsala m'mbale mu kapu yoyezera, n'kuchotsera. Ndimatero masiku atatu otsatana. Ngati muli ndi agalu angapo, wodwalayo amwere payekha masiku amenewo, ndipo mutseke kubafa ndi kuvundikira ndowa ya pa mpopi. Tsabola ndinamupeza kamodzi akumwa mu beseni lochapira, manambala a mlungu wonse n'kukhala opanda ntchito.

Galu wabwinobwino sapitirira kwenikweni mamililita 60 pa kilogalamu patsiku. Akapitirira 100 ndiye kuti akumwa mopitirira muyeso. Kwa galu wa makilogalamu 10, kumeneko n'kusiyana kwa mamililita 600 ndi lita imodzi. Kumbukiraninso nyengo. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, galu aliyense amamwa kwambiri, ndipo wodya chakudya chouma cha m'matumba amamwa kuposa wodya chonyowa. Lembani zimenezi pambali pa nambala. Chinthu chimodzi musachite: musamumane madzi pofuna kuti asiye kukodzera m'nyumba. Impso zake sizikutha kusunga madzi, ndipo mukamumana thupi limauma msanga.

Kumwa ndi kukodza kumayenera kuyamba kutsika m'milungu iwiri mpaka inayi. Ngati mwezi watha palibe kusintha, yambani ndi zinthu zosavuta.

Kodi akumwera limodzi ndi chakudya? Trilostane amalowa bwino m'thupi akamwedwa pa chakudya. Womwetsedwa m'mimba muli gwa salowa mokwanira. Kodi akumezadi? Yang'anani kunsi kwa mpando ndi pakona pamene amagona. Agalu ena amasunga kapisozi m'tsaya n'kukamulavula poduka mphepo. Ngati pakhomo pali anthu angapo, ndani akumwetsa? Pamene aliyense akuganiza kuti mnzake wamwetsa, galu amatha masiku atatu osamwa, kapena kumwa kawiri. Pepala lomata pa firiji lochongapo limathetsa zimenezi.

Zikakhala kuti zonsezi zili m'malo, onani nthawi imene ludzu limabwera. Galu amene masana ali bwino koma usiku akudzutsani katatu kuti atuluke, akuwefuka, akugwetsa chivundikiro cha bini, ndiye kuti mankhwala a m'mawa akutha mphamvu dzuwa lisanalowe. Galu wotere kuyeza magazi kwa ACTH, kumene ndafotokoza m'munsimu, kungatuluke bwinobwino, chifukwa amayeza nthawi imene mankhwala ali pachimake. Kawirikawiri yankho lake n'kugawa mlingo wa tsiku pawiri, maola 12 pakati, osati kuwonjezera wa m'mawa. Kuwonjezera wa m'mawa kungamugwetse masana, usiku n'kukhalabe chimodzimodzi.

Ngati cortisol ali pabwino ndipo galu akumwa kale kawiri patsiku koma ludzu silikutha, vuto lingakhale lina. Matenda a m'chikhodzodzo amabisala mwa agalu a Cushing, chifukwa cortisol amaphimba ululu ndi kutupa, mkodzo n'kukhala wamadzimadzi moti tizilombo sitioneka msanga. Pemphani kuti mkodzo aumeretse ku labotale, osangouviika kapepala. Shuga nayenso amakonda kuyendera limodzi ndi Cushing. Impso za galu wokalamba nazo zimatopa. Mkodzo woyamba wa m'mawa ndi wothandiza pa zonsezi. Ine ndimamutsatira Tsabola panja kusanache bwino, chivundikiro choyera cha chidebe chili m'manja, ndipo akangonjuta ndimachilowetsa kunsi mwakachetechete. Masipuni awiri amakwana.

Nambala zabwera koma sizikugwirizana ndi galu

Ndondomeko yodziwika n'kuyeza pa masiku 10 mpaka 14 chiyambire mankhwala, pa mwezi umodzi, pa miyezi itatu, kenako miyezi itatu iliyonse. Mlingo ukasinthidwa mumayambiranso kuwerenga. Ulendo uliwonse ayeze sodium ndi potassium, amuike pa sikelo, ndipo inu mubwere ndi kope.

Kuyeza kwa masiku 10 mpaka 14 cholinga chake n'kuona kuti galu sanatsike kwambiri. Cortisol amapitiriza kutsika mpaka cha m'ma masiku 30 ngakhale mlingo usanasinthe, ndiye kukweza mlingo pa mlungu wachiwiri chifukwa nambala ikadali pamwamba n'kuyamba dala ngozi. Dikirani mwezi ukwane.

Njira zoyezera zilipo ziwiri, ndipo chisokonezo chachikulu chimene ndachiona n'chakuti kukonzekera kwake n'kotsutsana.

Yoyamba ndi ya ACTH. Amatenga magazi, amabaya ACTH wopangidwa m'fakitale, pakatha ola limodzi amatenganso magazi kuti aone mphamvu imene yatsala mu adrenal. Tsiku limenelo galu amwe kapisozi wake m'mawa monga mwa masiku onse, pa chakudya chake cha masiku onse. Tinazolowera kuti woyezedwa magazi amapita osadya, koma pano kumusalitsa kumapangitsa mankhwala kusalowa bwino, nambala n'kutuluka yokwera, dokotala n'kuwonjezera mlingo umene unali wokwana kale. Pepala la Vetoryl limati kuyezako kuchitike maola 4 mpaka 6 atamwa, ndipo akatswiri ena amakonda maola 2 mpaka 4. Chofunika n'chakuti ulendo uliwonse mpata ukhale womwewo. Ngati ulendo watha anamwa 7 koloko n'kuyezedwa 11 koloko, ulendo uno musapite 2 koloko masana n'kumafananiza manambalawo.

Malire amene ali pa pepala la ku America ndi awa. Cortisol wa pambuyo pa jakisoni akakhala kunsi kwa 40 nmol/L, mankhwala amaimitsidwa pafupifupi mlungu umodzi n'kuyambiranso pa mlingo wochepa. Pakati pa 40 ndi 150, mlingo usasinthe. Pakati pa 150 ndi 250, galu ndiye amalamula: ngati ludzu ndi njala zatha, musiyeni chomwecho, ngati zikadalipo mlingo ukwere. Kupitirira 250 kawirikawiri mlingo umakwezedwa. Ngakhale pamenepo, madokotala ambiri sathamangira kukweza galu akakhala kuti ali bwino ndithu pakhomo.

Chenjerani ndi miyeso. Ku Britain ndi ku South Africa zotsatira zimabwera mu nmol/L, pamene zolemba zambiri za pa intaneti ndi za ku America ndipo zili mu µg/dL. 1 µg/dL ndi pafupifupi 27.6 nmol/L. Choncho 40 ndi 1.45, 150 ndi 5.4, ndipo 250 ndi 9.1. Munthu akaona 90 pa pepala lake, kwina n'kuwerenga kuti malire ndi 9.1, amaganiza kuti galu wake ali pamwamba kakhumi, chikhalirecho ali pakatikati pabwino.

Njira yachiwiri inachokera ku yunivesite ya Glasgow ku Scotland, kumene gulu la Ian Ramsey linafalitsa kafukufuku wake mu 2016. Amatenga magazi kamodzi kokha, galu asanamwe kapisozi wotsatira, pa nthawi imene amayenera kumwa. Apa ndiye musamupatse m'mawa. Tengani kapisozi ndi chakudya m'thumba, amwe akangomaliza kutenga magazi. Malire ake ndi 40 mpaka 138 nmol/L. Ndi yotsika mtengo, siifuna jakisoni wa ACTH amene nthawi zina amasowa, ndipo imaonetsa mmene zinthu zilili mankhwala atatha mphamvu. Koma ndi ya galu amene akuoneka wathanzi ndiponso wofatsa. Galu wamantha, amene amafika ku chipatala akunjenjemera n'kumaluma, cortisol wake amakwera chifukwa cha manthawo. Ndipo galu wodwala, wosadya, sayezedwa ndi njira imeneyi. Ameneyo amafuna ACTH pamodzi ndi sodium ndi potassium.

Choncho popanga tsiku lokayezetsa funsani funso limodzi momveka: mukuyeza njira iti, ndipo ndimupatse mankhwala m'mawa kapena ayi? Kwa ife zinachitika kamodzi kuti wolandira alendo pa chipatala china anandiuza kuti ndisamupatse, pamene dokotala ankafuna kuyeza ndi ACTH. Ulendo ndi ndalama zinapita pachabe, tinabwereranso mlungu wotsatira.

Nambala ikatuluka yotsika modabwitsa galu ali wosangalala, fufuzani mankhwala ena pakhomo. Odontheza m'khutu, odontheza m'maso ndi opaka pakhungu ambiri amakhala ndi betamethasone, dexamethasone kapena hydrocortisone. Amalowa m'thupi n'kugonetsa adrenal. Ngakhale mafuta amene munthu akudzola pa zidzolo zake galu angawanyambite. Ngati magazi akutumizidwa kutali, madzi ake alekanitsidwe msanga ndi kusungidwa pozizira. Yesetsaninso kuti labotale ikhale imodzimodzi, chifukwa makina osiyana sapereka nambala zofanana ndendende.

Pali nambala ina imene imadetsa nkhawa anthu pachabe, ya chiwindi yotchedwa ALP. Mwa agalu ambiri a Cushing imakhala yokwera, ndipo sibwerera pamalo pake ngakhale mankhwala akugwira bwino. Mlingo wa trilostane sasinthira ALP.

Ubweya sukumera, khungu likuoneka loipiraipira

Apa kuona maso a nkhono n'kudekha. Ludzu limatha m'milungu, mphamvu zimabwerera m'mwezi kapena iwiri, mimba imaphwa pang'onopang'ono, koma khungu ndi ubweya zimatenga miyezi 3 mpaka 6, nthawi zina kupitirira. Ndipo zisanakhale bwino zimayamba zaipa. Ubweya wakale wakufa umayoyoka wambiri, khungu limafundula nkhungu ngati gaga, kenako kumatuluka ubweya wofewa ngati wa kamwana ka galu, nthawi zina wosiyana mtundu. Musapemphe kukweza mlingo chifukwa cha ubweya wokha mwezi wachiwiri.

Agalu ena amatuluka timiyala tolimba totuwa pakhungu la pamsana ndi pakhosi, kumene kuli kuunjikana kwa calcium. Timachedwa kwambiri kutha ndipo timatha kutukusira. Khungu likamatuluka mafinya, likamanunkha, kapena ubweya ukamathothoka m'mapazi ndi kumaso, apale khungu ayang'ane nthata za demodex, zimene zimachuluka chitetezo cha thupi chikafooka.

Chiyambire mankhwala akutsimphina, akudzikanda

Izi zimapweteka mtima, chifukwa zimaoneka ngati mankhwala abweretsa matenda atsopano. Cortisol wochuluka uja ankaphimba nyamakazi ndi kuyabwa kwa khungu. Watsika, zobisika zaonekera. Tsabola anayamba kukayika pokwera masitepe awiri a pakhonde, amene kale ankangowalumpha. Chovuta n'kusiyanitsa kuuma kwa mafupa ndi kufooka kwa cortisol wotsika. Wa nyamakazi amadya bwino, amagwedeza mchira, amadzuka movutikira koma akayenda pang'ono amamasuka. Wa cortisol wotsika safuna chakudya, ndipo maso ake amaoneka kuti palibe chikumusangalatsa. Mukakayika, tengani kuti ndi chachiwiricho mpaka magazi atanena. Mankhwala a ululu a anthu monga ibuprofen ndi diclofenac musamupatse, amaboola m'mimba ndi kuwononga impso za galu.

Ali ndi matenda ena, akumwa mankhwala ena

Galu wa shuga amene akubayidwa insulin amafuna diso lapadera. Cortisol amalimbana ndi insulin, ndiye akatsika, mlingo wa insulin umene unali wokwana dzulo ungakhale wochuluka lero. Shuga akatsika kwambiri galu amadzandira, amanjenjemera, amatha kukomoka. Madokotala ambiri amachepetsa insulin kapena kuyeza shuga pafupipafupi poyamba trilostane, ndipo amakonda kumwetsa kawiri patsiku kuti cortisol asamakwere ndi kutsika kwambiri.

Mankhwala a mtima ndi a BP nawo ngofunika kuwatchula. Spironolactone, benazepril ndi enalapril onse amakweza potassium, ndipo trilostane amakankhira mbali yomweyo. Dokotala aliyense amene akuona galu wanu adziwe kuti ali pa trilostane, ngakhale mwangopita kukachotsa dzino. Galu wa matenda a chiwindi enieni, wa impso zofooka, kapena wa bere, sayenera kumwa mankhwalawa.

Kuthamanga kwa magazi ndi kutaya mapuloteni mu mkodzo nthawi zambiri sizitha ngakhale cortisol atakhala pabwino, choncho ziyezedwe pazokha. Galu akayamba kupuma movutikira mwadzidzidzi, thamangani naye, chifukwa matendawa amachititsa magazi kuundana m'mapapo. Kusanza ndi kupweteka m'mimba limodzi ndi maso achikasu kungakhale ndulu yodzaza ndi zomata, imene imaoneka pa sikani.

Wazizira, akuzungulirazungulira, koma magazi ali bwino

Galu akamaima pakona n'kumayang'ana khoma, akamayenda mozungulira, akamaiwala pamene pali mbale yake, akamadya pang'ono, pamene cortisol, sodium ndi potassium zili pabwino, dokotala amaganizira chotupa cha mu pituitary kuti chakula n'kuyamba kupanikiza bongo. Trilostane alibe mphamvu pa chotupacho. Chimaoneka pa sikani ya CT kapena MRI, ndipo chithandizo chake n'kuwotcha ndi cheza kapena opaleshoni yochotsa pituitary, imene yunivesite ya Utrecht ku Netherlands imadziwika nayo. N'zodula ndipo zimapezeka m'malo ochepa. Komabe kudziwa kumathandiza kuti musamangokweza ndi kutsitsa mlingo pa vuto limene si la mlingo.

Makapisozi enieniwo

Vetoryl amabwera mu 5, 10, 20, 30, 60 ndi 120 mg. Musatsegule kapisozi kuti mugawe ufa wake. Mlingo sutuluka wofanana, ndipo ufawo ndi woipa kwa anthu: mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati asaugwire n'komwe. Sambani m'manja mukamwetsa. Sungani m'pepala lake, pamalo ozizira bwino, osati pawindo kapena m'galimoto. Mukaiwala kumwetsa, dikirani nthawi yotsatira, musaphatikize awiri. Akasanza atangomwa musamupatsenso wina, ndipo muone ngati kusanzako sikuli chizindikiro chija.

Pofuna kupulumutsa ndalama anthu ena amagula trilostane wosakanizidwa m'mafamase. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2012 anapeza kuti oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a magulu a makapisozi otere amene anayezedwa anali ndi mankhwala ochepa kapena ochuluka kusiyana ndi zolembedwa pa botolo. Ngati galu anali bwino ndipo zinthu zasokonekera mutangotsegula botolo latsopano, nenani zimenezi. Mukasintha kogula, yezaninso ngati mwasintha mlingo. Ndipo ngati mankhwala anu amachokera kutali, itanitsani ena mukatsala ndi a mwezi wathunthu.

Ngati galu wanu ali pa mitotane

Mitotane, wodziwika ndi dzina loti Lysodren, ndi mankhwala akale, a banja limodzi ndi DDT. Iye satseka njira chabe, amawononga ndithu mbali ya adrenal imene imapanga cortisol, choncho kulondola kwake n'kosiyana. Poyamba galu amamwa tsiku ndi tsiku, cha m'ma 50 mg pa kilogalamu patsiku pa chakudya, kwa masiku amene kawirikawiri amakhala 5 mpaka 10. Kenako amapita pa mlingo wa pa mlungu, wogawidwa kawiri kapena katatu. Njira ya ku Glasgow ija sigwira pa mitotane. Kuyeza kwake ndi kwa ACTH, ndipo nthawi imene wamwera piritsi ilibe kanthu kwenikweni monga zilili ndi trilostane.

M'masiku oyambawo, mpatseni chakudya choyamba, piritsi pambuyo, ndipo inu muime pomwepo muzimuyang'ana akudya. Chizindikiro choti mankhwala akwana n'chaching'ono kwambiri. Galu amene dzulo ankameza osatafuna, lero akaima pakati pa chakudya, n'kutukula mutu kukuyang'anani, kenako n'kupitiriza pang'onopang'ono, piritsi la tsikulo libwerere m'botolo. Imbani foni kuti akamuyeze m'masiku awiri otsatirawo.